Wa miyendo inayi angakwere chiyani ku Lilongwe?

Agiriki akale anali ndi nthano za ma centaur, zolengedwa zomwe kuyambira m'chiuno kupita kumutu ndi munthu, koma kwina konseko ndi hatchi. Wotchuka mwa iwo anali Chiron, mphunzitsi wa Achilles. Tiyerekeze kuti mkuluyu wapeza ntchito ku Capital Hill koma akukhala ku Old Town.

Pa depoti, kondakitala wa minibasi sangadabwe n'komwe. Angomuyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, inuyo ndi mpando umodzi, koma kumbuyoku ndi katundu, mulipira padera." Kenako auza anthu anayi a mpando wakumbuyo kuti asunthe pang'ono. Wa kabaza yekha ndiye angakane. Kulemera si nkhani, poti matumba a makala amanyamula, koma angaope kuti kasitomala wotereyu mawa ayamba kunyamula anthu yekha, wosagula mafuta.

Nanga atakwera ngolo, ng'ombe zingamukoke ndi mtima wotani, zikuona m'bale wawo ali phee kumbuyo?

Chomuyenera ndi kuyenda pansi basi. Mzindawu, womwe unalanda ulikulu kwa Zomba mu 1975, unatambasuka ngati kuti aliyense ali ndi galimoto. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, alonda ndi antchito a m'nyumba amadula mitunda m'mbali mwa mipanda ya njerwa, minibasi osaoneka. Chiron angawasiye onsewo pa fumbi, bola asakumane ndi a trafiki, omwe angasowe poyambira: kumufunsa laisensi kapena chiphaso cha ku dipi.