Nthungululu kwa Mfumu ya Makona Anayi

M'kati mwa kamera iliyonse ya masiku ano, kuseri kwa lenzi, mumakhala kachidutswa ka silikoni kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Ndiyo sensa imeneyo. Anthu amatama lenzi, amatama mamegapikiselo, ena mpaka lamba wokolekera kamera m'khosi, koma palibe anaimapo pabwalo kuthokoza sensa chifukwa cha kaumbidwe kake: makona anayi, mbali ina yaitali, ina yaifupi. Lero ndi tsiku lake. Amayi, konzekani nthungululu.

Yambani mwaona ulemerero wake pakudya. Lenzi ndi yozungulira, ndipo chithunzi chimene imaponya kumbuyo kwake n'chozunguliranso. Pa makamera ena akuluakulu, sensa ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndiye kuti kuwala kufike m'makona monse, bwalo lake liyenera kutambalala mamilimita 43. Werengetsani nokha. Pa magawo 10 a bwalo limene lenzi yavutikira, sensa imalandirapo pafupifupi 6, enawo n'kuwasiya agwere pa khoma lakuda la m'kati mwa kamera. Ufumu ndi umenewu. Mmphawi amanyambita mbale, mfumu imatema pakati pa nsima n'kusamba m'manja. Inu munalipira lenzi yathunthu, inde, koma zimenezo sitinena pamaso pa akuluakulu.

Ngakhale kobadwira kwake n'kozungulira. Masensa amapangidwa ambirimbiri pa chimbale cha silikoni, china chotambalala mamilimita 300, kenako amachicheka m'mizere yowongoka, zidutswa za m'mphepete n'kutaya. Anthu opanda mwambo amati nkhani yonse yagona pamenepa: makona anayi amagundizana osasiya mpata, timadontho tolandira kuwala timandanda m'mizere ndipo kamera imatiwerenga mzere ndi mzere, kotero sensa yozungulira ikanangomwaza silikoni ndi ndalama. N'zoona, koma paphwando sitikamba za mtengo wa mbuzi.

Mtundu wake ndi wodziwika. Cha m'ma 1913, ku Wetzlar m'dziko la Germany, Oskar Barnack wa kampani ya Leitz, munthu wa chifuwa cha mphumu amene sankafuna kusenza zimakamera zolemera, anatenga filimu ya kanema ya mamilimita 35, n'kuigoneka cham'mbali, n'kuphatikiza malo a zithunzi ziwiri za 18 ndi 24 kukhala chimodzi cha 24 ndi 36. Mu 1925 kamera yake ya Leica inafika pamsika. Zaka 100 zadutsa, ambiri filimu anaiiwala, koma sensa ya makamera akuluakulu aja ikusungabe muyeso wa agogo ake osachotsapo ngakhale milimita imodzi. Mwana wosunga mwambo chonchi mungamupeze kuti?

Olimbirana nayo mpando analipo. Kodak yoyamba ya mu 1888 inkajambula zithunzi 100 zozungulira, kuzungulirako kunatha. Rolleiflex ndi Hasselblad zinadza ndi mbali zinayi zofanana, ndipo kamera ya dijito imene Steven Sasson anapanga ku Kodak mu 1975 nayonso inali ndi timadontho 100 uku ndi 100 uku. Instagram inayesa kukakamiza dziko lonse kujambula mbali zofanana kuyambira 2010, pofika 2015 inagwada.

Koma kuti muone mphamvu zake zenizeni, pitani paukwati nthawi ya chithunzi cha akubanja. Wojambula wabwerera m'mbuyo mpaka msana wagunda mpanda, diso limodzi latsinzina, dzanja likukupiza: “A kumapeto inu, lowani m'kati! Panikizanani pang'ono! Ana khalani pansi!” Azakhali amene sanalankhulane ndi alamu awo chichokereni kumaliro, awo aima phewa ndi phewa, mafuta onunkhira a wina akulowa m'mphuno mwa mnzake, onse mano pamtunda. Ankhoswa analephera, abusa analephera, sensa yawagwirizanitsa osatulutsa liwu. Amalume aatali aja, amene anavuta pa nkhani ya chiwongo, chithunzi chikamatuluka chipewa palibe, mphumi yathera pakati. Ndani anawaweruza? Palibe angaloze chala munthu. Ndipo msuweni amene anabwera osaitanidwa watsala dzanja lokha m'mphepete, litagwira botolo la Fanta. Kuwala kwa nkhope yake kunalowa ndithu m'lenzi, kunafika m'kati, koma Mfumu inati ayi.

Imaphunzitsanso kudzichepetsa. Mkwatibwi akaima yekha, wamtali ndi chovala chake chokwekwera pansi, sensa siitembenuka. Amatembenuka ndi wojambula. Kamera cham'mbali, chigongono m'mwamba, khosi lopindika, thukuta la m'khwapa poyera. Munthu wogula chipangizo cha mamiliyoni akuchigwadira pagulu. Mwana wa mlongo wake naye wajambula kanema foni ili chilili, ndipo madzulo pa TV banja lonse likuonera kamzere kopyapyala pakati, uku mdima, uku mdima, agogo akufunsa ngati TV yawonongeka.

Posachedwapa kwabuka ena ofuna kuchepetsa ulemu umenewu. Mu 2025 kampani ya Apple inaika sensa ya mbali zinayi zofanana pa kamera yakutsogolo ya iPhone 17, kuti munthu azidzijambula m'litali kapena m'lifupi osatembenuza foni. Tinamva ngati kulanda boma. Koma taonani chimene foniyo imachita ikatha kujambula: imadula m'mwamba ndi m'munsi, kapena uku ndi uku, n'kukupatsani chithunzi cha mbali ina yaitali, ina yaifupi. Lenzi yataya kale zake, tsopano sensa nayo ikutaya zina, ndipo foni yake mtengo mukuudziwa.