Ulemu wonse kwa Garfield, mfumu ya alesi

Amayi lulutirani, abambo ombani m'manja, pakudutsa mphaka wa ku America amene amaona khoswe n'kutembenukira kukhoma. Dzina lake ndi Garfield. Adatulukira m'nyuzipepala 41 pa 19 June 1978, ndipo chiyambire tsikulo ntchito yake ndi kugona, kumeza lasagna, kukankha galu Odie kuti agwe patebulo ndi kunyogodola mbuye wake Jon Arbuckle. Amphaka ena amawetedwa kuti alondere nkhokwe, koma bwanawa amalondera mbale yawo basi.

Amene amati waulesi sadya abwere adzaone mimba iyi. Jim Davis, yemwe adamujambula, adayamba ndi nthabwala za kachilombo kotchedwa Gnorm Gnat, koma ogulitsa nthabwala kunyuzipepala adamukana, ati palibe munthu angadzione mwa kachilombo. Mwa mphaka wadyera, wokonda tulo, aliyense adadziona. Davis sadabisenso kuti ankafuna chojambula choti chiyende malonda, ndipo mu 1981 adakhazikitsa kampani ya Paws ku Indiana yoti izipereka zilolezo. Wofuna kudinda nkhope ya mphakayu pa kapu, pa malaya kapena pa chikwama cha mwana wa sukulu amayamba wapempha chilolezo, kenako n'kumapereka gawo la ndalama za katundu amene wagulitsa. Osoka asoke, onyamula atuluke thukuta, mwini nkhope ali m'bulangete.

Nzeru zake zakuya zili pa nkhani ya Lolemba. Garfield amadana ndi tsikuli koopsa, chonsecho sadalembedwepo ntchito, alibe bwana, sadziwa kuthamangira basi m'mamawa. Koma kalaliki amene Lolemba limamupwetekadi amatapa malipiro ake n'kugula kapu yosonyeza mphaka akudandaula m'malo mwake, n'kumamwera tiyi mu ofesi momwemo. Ndi m'neneri uti adatolapo chopereka mwaluso chotere? Za ndale sazikhudza, choncho boma lisinthe kaya lisasinthe, nthabwala ya njala ndi tulo imakomabe, ndipo imamveka m'chiyankhulo chilichonse. Mu 2002 a buku la Guinness la zopambana padziko lonse adamulemba kuti ndiye amatuluka m'nyuzipepala zochuluka kuposa anzake onse.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera zidole zake zomata pa galasi la galimoto, miyendo ili tambasu, ndipo anthu ena ku America ankaswa magalasi kuti abe chidolecho. Ulemu wotere ngakhale nduna siulandira.

Nayo nyanja imamugwadira. Ku Brittany, m'dziko la France, mafunde adakhala akulavula matelefoni a Garfield kwa zaka zoposa 30: apulasitiki, achikasu chofiirira, maso ake otsinzina amene amatseguka munthu akanyamula cholankhulira. Otola zinyalala kugombe ankatola mutu lero, mwendo mawa, mpaka mu 2019 pamene adapeza kontena yophwanyika m'phanga la m'mphepete mwa nyanja. Osamalira chilengedwe amati kumeneko n'kuipitsa nyanja, ndipo sakunama, koma tivomereze kuti mphaka amene sayenda n'komwe wafika kutali.

Chaka chomwecho kampani ya Viacom, eni ake a wailesi ya kanema ya Nickelodeon panthawiyo, idagula Paws. Maloya adachezera mapepala, mabwana adagwirana chanza, ndipo wogulitsidwayo sadadzuke n'kudzuka komwe kuti afunse mtengo.