Fodya wa Pachala ndi Mowa wa M'chitsulo

Makolo athu, amene analibe mabuku koma anali ndi mphuno zodziwa ntchito yake, anatisiyira mawu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo ngati pali malo pansi pa thambo pamene mawu amenewa safuna womasulira, malowo ndi chidikha cha Kasungu, kuyambira ku Santhe kukafika ku Nkhamenya, kumene mwana aliyense amene wayamba kusenza fodya kupita naye kuchigafa amadziwa kuti mabelo okwezedwa pa lole sali ndalama, kuti mtengo wotchulidwa m'madola pa okushoni ya ku Chinkhoma suli ndalama, ndi kuti ngakhale chipepala chochokera kumsikako sichili ndalama kufikira mwini feteleza wa ngongole, mwini lole, mwini ziguduli ndi mwini msonkho atatapako yense gawo lake. Chotsalacho, ngati chatsala, ndicho cha pamphuno.

Ndakumbuka mwambi umenewu chifukwa masiku ano kwabuka mbadwo wa anthu amene, atalephera kuugonjetsa pa nkhani ya fodya, apangana zokaugonjetsera pa nkhani ya mowa. Ndipo chida chawo cha nkhondo ndi chitsulo chonyezimira chotchedwa kegi, chimene amati munthu akatsekeramo mowa wake, mowawo ukhala wake lero, mawa ndi mwezi wamawa, osasasa, osasukuluka, ndiponso, chimene chili chachikulu koposa, osaonedwa ndi maso a mlamu.

Monga mwa chizolowezi cha zodabwitsa zonse, chitsulochi chinadzera kumwera. Agogo athu amene ankapita ku migodi pa ulendo wa Wenela, kufikira 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha amuna athu ambiri, Dr Banda naletsa kulemba anthu, ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi galamafoni. Adzukulu awo, amene amayenda pa basi kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, amabwera ndi zimene aona m'magalaja a mabwana awo ku Johannesburg. Ndipo anaona zambiri m'chaka cha 2020, pamene boma la South Africa, poopa mliri wa Covid-19, linatseka malonda a mowa pamodzi ndi a ndudu kuyambira pa 27 Malichi, uthenga umene munthu wa ku Kasungu sangaumve osagwira pamtima kawiri. M'masiku amenewo chinanazi chinakwera mtengo, yisiti anasowa m'masitolo, ndipo azungu ndi akuda omwe, amene kale ankayesa kuti kufulula ndi ntchito ya fakitale, anapezeka akuvundula zidebe m'makhitchini. Ambiri analeka tsiku limene mashopu a mowa anatsegulidwa. Koma ena nthendayo inawakanirira, ndipo ena mwa iwo anali athu.

Kegi imene ofulula a pakhomo amaikonda ndi ya mtundu wa Cornelius, ya chitsulo chosachita dzimbiri, yolowa malita 19. Sinapangidwire mowa ayi: inapangidwa ku America kuti isunge zakumwa zoziziritsa kukhosi za Pepsi ndi zinzake, ndipo makampani atasintha njira yawo naitaya, ofulula anaitola, kotero kuti chotengera chobadwira m'nyumba ya osamwa chinakakulira m'nyumba ya akumwa, monga zimachitikira ndi ana ena a akulu ampingo. Pamutu pake pali milomo iwiri, wina wolowera mpweya wa carbon dioxide wochokera m'silinda, wina wotulukira mowa, umene umakwera m'kapaipi kowonda kofika pansi penipeni. Pakamwa pa silinda pamakhala chowongolera cha mawotchi awiri. Wotchi imodzi imanena mphamvu imene mpweya ukukankhira mowa, ndipo odziwa amati ukaika muvi wake pa 12 psi, kegi ili pozizira madigiri 4, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mowa umakhala utamwa mpweya wokwanira. Wotchi inayo imati ikunena mpweya wotsala, koma ndi mboni yonama, popeza mpweyawo umakhala m'silindamo uli wamadzimadzi, ndipo muvi sugwa kufikira dontho lotsiriza litauluka. Wofuna choonadi apachike silindayo pa sikelo ya fodya. Taonani tsono: munthu wothawa mwambi uja wakagula mphepo ndi ndalama zake, naiika kukhala kapitawo wa mowa wake.

Kuti timvetse kukula kwa chipanduko chimenechi, tiyenera kukumbukira mmene mowa wa makolo umakhalira. Mayi amaviika chimanga kapena mawere, navundikira kufikira zitamera, nayanika, nasinja chimera; amaphika phala mu mgolo, nalisiya lizizire, nathira chimera; likasasa amaliphikanso, nathiranso chimera china, ndipo pakapita masiku a kuwira ndi kung'ung'udza m'mbiya, amaukuntha, nalawa, nalengeza kuti wapsa. Mowa wotere ndi wamoyo, ndipo monga zamoyo zonse masiku ake ndi owerengeka: dzulo unali wotsekemera, lero ukugwetsa amuna, mkuja udzakhala wowawasa woti mwini wake yemwe adzaukana. Ngakhale a fakitale ya Chibuku, ndi makina awo onse, anakakamizika kusiya kabowo pamwamba pa paketi kuti mowa upume, ndipo anatha kuutsekera m'botolo la pulasitiki, n'kuupatsa masabata atatu, pokhapokha atayamba aupha ndi moto.

Timakonda kutamanda makolo kuti anali a mataya, osamwa okha. Ine sindikana, koma ndikukayika ngati kuwolowa manja konseko kunachokera mumtima. Munthu amene ali ndi migolo iwiri ya chinthu choti chiwonongeka mkuja alibe pothawira koma kuitana mudzi, ndipo wochenjera ankauitana m'mawa ndi makasu, kuti dima imulimire munda kaye, chipanda chizungulire masana. Mbiya inalalikira za kukonda mnansi momveka kuposa guwa, pakuti chilango cha womana chinali kufika tsiku lachitatu lomwelo, osadikira tsiku la chiweruzo. Kegi yabwera kudzachotsa chilango chimenechi. Ndipo ndicho chifukwa ndinafuna kuiona ndi maso anga pamene mwana wa mlongo wanga anabwera nayo, pamodzi ndi ndevu zachilendo.

Iye anayamba ndi nzeru imene imayamba kufika kwa aliyense: anapempha amayi ake masese, nathira, natseka. Buku Lopatulika linatichenjeza kale za vinyo watsopano ndi matumba akale. Mnyamatayu anachita chosemphana, kuika mowa wakale m'thumba latsopano, koma malipiro anali omwewo. Masese anatseka kapaipi kaja, mpopi unakhala chete, pamene m'katimo mowa wamoyo unapitiriza ntchito yake osadziwa kuti uli m'ndende. Ndipo pamene anakoka kamphete kotulutsira mpweya, phala linafika kumalata, natsikanso pa iye ndi pa onse amene anadza kudzaona chitukuko.

“Atsibweni,” anatero akupukuta kumaso, “chitsulochi chimafuna mowa woyera.”

Mowa woyera umafuna chimera cha barele ndi maluwa owawa a hops, zimene nthaka ya Kasungu, ngakhale imabala fodya, mtedza, soya ndi chimanga, sinazizolowere. Hops wake amachokera ku George, kumapeto kwenikweni kwa South Africa, ndipo amafika m'chikwama cha wachibale amene wapemphedwa katatu. Umafunanso kuwira pa madigiri 18 mpaka 20, pamene Okutobala wa kuno amapitirira 30 pamthunzi, ndipo yisiti akatenthedwa amabala mowa wonunkha mankhwala opaka m'zikhadabo ndi wosweketsa mutu. Nyengo yabwino ndi Juni ndi Julayi, chisanu chikatsika, ndalama za fodya zisanathe. Pa ichi chokha munthu wa kuno ali ndi mwayi woposa mzungu wa m'galaja, pakuti amene anachezerapo usiku pa bani, kusonkhezera nkhuni pang'onopang'ono kuti tsamba lisaume lisanachite chikasu, safunika kuphunzitsidwa kuopa kutentha.

Koma zimene sanaphunzire pa bani ndi timalabala tisanu timene kegi imatsekera nato milomo ndi chivundikiro chake. Kamodzi kakang'ambika, ngakhale pang'ono poti diso silingaone, mpweya wonse umene unakagulidwa ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 120 pa msewu wa M1, umathawa usiku umodzi osatsanzika. Mankhwala ake ndi madzi a sopo, opaka pa mfundo iliyonse, ndipo pamene patuluka thovu ndi pamene pali mbala, koma nzeru imeneyi imabwera kawirikawiri silinda itapepuka kale. Boma lino la Kasungu linatchuka pa dziko lonse chifukwa cha William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene cha m'ma 2002 anagwira mphepo yaulere ndi zidutswa za njinga naisandutsa magetsi. Ife odza m'mbuyo mwake taphunzira kugula mphepo yodula ndi kuibwezera kumwamba kwaulere. Za furiji sindichulutsa mawu: mpweya umakhazikika mu mowa wozizira, mowa ukafunda umafuna kutuluka, ndipo magetsi ochokera kutali ku mtsinje wa Shire akapita kokacheza masana onse, mpopi umapatsa mwini wake kapu ya thovu ndi madontho atatu pansi pake.

Zonsezi mnyamatayu anazigonjetsa, ndipo ndiyenera kuchitira umboni kuti patapita masabata asanu ndi limodzi, tsiku Loweruka, mowa unatuluka woyera, wozizira, wokoma. Apa ndi pamene mwambi, umene unali utakhala pakhonde nthawi yonseyi kudikira, unaimirira.

Mbiya ili ndi khalidwe limodzi limene sitinaliyamikire: imaonetsa pansi pake. Chikho chikayamba kukhula dothi, aliyense amamva, akulu amakumbuka mbuzi zimene sanatsekere, ndipo bwalo limamwazika mwaulemu. Kegi ilibe manyazi otere. Palibe amene amaona m'kati mwake, chotero palibe amene amadziona kuti wamwa gawo la mnzake. Ndipo mwini wake sangathe kunena bodza lopatulika lija lakuti mowa watha, pakuti mpopi uli pomwepo, ndipo mwana aliyense angathe kuutsegula ndi kumutsutsa pamaso pa anthu. Mowa wa masese anthu amadzera ludzu, ndipo ludzu limatha. Mowa wa pampopi amadzera chidwi, ndipo chidwi chilibe mimba. Anadza alamu, anadza apongozi amene mwa mwambo sayenera kuyandikira, anadza ogwira ntchito pa esiteti yapafupi. Anadzanso wina wa mumpingo, amene ananenetsa kuti iye ndi wa thobwa basi ndipo wangodzera kuona makina, koma popeza makina saoneka bwino osagwira ntchito, anawayesa kangapo kuti akapereke lipoti loona. Akale anati mlendo ndi mame. Sanaganizire za mlendo wokhala pafupi ndi furiji, kumene dzuwa silifika.

Panatsala nkhani ya mfumu. Mwambo umati mowa ukapsa m'mudzi, kamtsuko kapite kwa mwini mudzi. Mnyamatayu anatumiza mawu aulemu kuti mtsuko wake ndi umodzi, sugawika, ndipo sungayende popanda silinda ndi furiji. Anyakwawa anasinkhasinkha ndi nduna zawo, napereka chigamulo chanzeru, chakuti mwambo sungasweke chifukwa cha chitsulo, ndipo popeza mtsuko sungapite kwa mfumu, mfumu ipita kwa mtsuko. Anafika ndi mpando wawo.

Dzuwa la Loweruka limenelo lisanalowe, mpopi unatsokomola, nulavula thovu, nukhala chete. Mwini wake, amene anachezera kutsegula ndi kutseka, kufotokoza za hops ndi kuteteza mawotchi ku zala za ana, anawerenga kuti iye anamwa kapu imodzi, ndipo imeneyonso inali yolawira m'mawa. Kulipiritsa sakanatha, pakuti malonda a mowa amafuna chiphaso cha kukhonsolo, ndipo ngakhale akanakhala nacho, palibe chiphaso chololeza munthu kutambasulira dzanja apongozi ake.

Kegi ikatha imafuna kutsukidwa msanga, m'kati, m'kapaipi, m'milomo ndi pansi pa kalabala kalikonse, pakuti chitsotso chochepa chimasasitsa mowa wotsatira. Ndipo amayi a kunyumba kwake, amene anapirira fungo la hops m'khitchini mwawo mwezi ndi theka, ananena mofatsa kuti mbiya ya amuna atsuke amuna. Chotero Lolemba m'mawa anapezeka pa mjigo, pakati pa ndowa za amayi, mkono uli m'chitsulo kufikira paphewa. M'mbuyo mwake munaima mayi wachikulire amene waphunzitsa ana ake onse ndi ndalama za masese, ndipo atamuyang'ana nthawi yaitali anati: “Mwana wanga, wako wa masabata asanu ndi limodzi watha Loweruka limodzi, wanga wa masiku asanu umathanso Loweruka limodzi, koma ine amandilipira. Tasendera uko, titunge.”