Ulemu kwa Fumbi la Choko

Mphunzitsi wa ku Livingstone safunika chitupa. Akalowa mu msika wa Maramba, amayi a tomato amangoona mbuu pa thalauza ndi m'zikhadabo, basi: "Aticha, lero ngongole kulibe." Osadziwa amati ndi uve. Pepani, limenelo ndi fumbi lachifumu.

Choko weniweni ndi manda a tindere ta m'nyanja yamchere. Kandere kalikonse kankavala timbale ta laimu totchedwa coccolith, tosaoneka popanda maikulosikopu. Timbaleto tinkagwera pansi pa nyanja, n'kuunjikana kwa zaka mamiliyoni mpaka kusanduka zitunda zoyera za ku Dover. Mu 1868 Thomas Huxley anasonkhanitsa antchito a ku Norwich, nawafotokozera mbiri ya dziko lapansi kuchokera pa kachidutswa ka choko. A hedi ena nawonso amatha ola lathunthu pa kachidutswa komweko, kungoti iwo amafuna kudziwa amene wakaba.

Ofufuza mafuta ndiwo amadziwa ulemu wa choko. Akamabowola pansi amatsuka zinyenyeswa za miyala, n'kuyang'ana timbaleti pamodzi ndi tizigoba ta tizamoyo totchedwa foraminifera. Mtundu uliwonse unali ndi nyengo yake, choncho tizigobato timaulula msinkhu wa mwala. Ku Gubbio, ku Italy, mitundu yambiri ya tizigobati imazimirira mwadzidzidzi pa mzere wa zaka 66 miliyoni zapitazo. Dongo la pa mzere umenewo ndilo linachititsa Walter Alvarez ndi bambo ake Luis kunena mu 1980 kuti chimwala chakumwamba ndicho chinapha madinosaur.

Tauni ya Livingstone inamanidwa zimenezi. Mwala wakuda umene madzi a Mosi-oa-Tunya amagwerapo ndi chiphalaphala chamoto cha zaka pafupifupi 180 miliyoni, ndipo moto susunga chigoba. Nyanja imabwera m'tauni muno m'kabokosi ka choko.

Koma ngakhale kabokosiko kamanama! Choko wambiri wa masiku ano ndi gypsum, mulibe kandere ndi kamodzi komwe. Mphunzitsi amatsokomola ulele. Ndiye kabokosi konama komweko a hedi amakakiyira m'kabati, makiyi m'thumba, iwo ali ku wekishopu. Mabwana akabwera pa galimoto zoziziritsa mkati amalonjeza makompyuta, ana n'kuwomba m'manja. Fumbi la galimoto lisanatsike, mwana watumidwa kale kalasi ina: "Amadamu, akuti muwagawireko kachoko." Amabwerako ndi kachidutswa ngati njere ya mtedza, ndi uthenga woti kabwezedwe belu lisanalire.