Pulogalamu yodzuka itavala kale

Mlembi wa danga lino ndi munthu wovuta kudzuka. Maso amatseguka okha, miyendo imabwera pambuyo, nzeru zimafika tiyi atazizira. Ndiye nsanje inamupweteka atamva kuti pali pulogalamu ya pakompyuta imene inathana ndi vuto lotere iye asanamere ndevu.

Pulogalamuyo ndi GNU Emacs, yolembera, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1985. Mbali yake yaikulu inalembedwa m'chinenero cha Lisp, ndipo makompyuta a nthawiyo ankatuluka thukuta kuti awerenge mafayilo onsewo poyamba ntchito. Akatswiri anapeza ulesi wanzeru. Ankayendetsa kamodzi kapulogalamu kopanda kanthu m'mutu kotchedwa temacs, kamawerenga Lisp yense mpaka kukhuta, kenaka zonse zimene zili mu memory zinkakhuthulidwa n'kukhala fayilo yatsopano yoyenda yokha. Wokhuthulayo anali unexec, amene Spencer Thomas analemba ku yunivesite ya Utah mu 1982. Mukaitsegula, Emacs inkapezeka ili chilili, itasamba, nsapato kuphazi.

Koma njirayi inali ndi khalidwe lake. Inkasunga maadiresi a mu memory monga analili, pomwe makina amakono amasinthasintha dala maadiresiwo kuti asokoneze akuba a pa intaneti. Pomanga Emacs, chitetezo chimenechi chinkayamba chazimitsidwa. Osamalira glibc, laibulale imene Emacs imadalira, nawonso anatopa kusenza malloc_get_state ndi malloc_set_state, zida zimene pafupifupi Emacs yokha ndiyo inkazifuna, ndipo mu 2017 anazitsekera mapulogalamu atsopano. Daniel Colascione analemba njira ina, imene inabwera ndi Emacs 27.1 mu Ogasiti 2020: zosungidwazo zimakhala m'fayilo yapadera, emacs.pdmp, ndipo maadiresi amakonzedwa potsegula.

Zonsezi mlembi wanu amazifotokoza molimba mtima ngati analipo.

Pofuna kulawa yekha, mkuluyu anatenga SBCL, mtundu wina wa Lisp umene uli ndi lamulo la save-lisp-and-die. Lamuloli limasunga zonse, pulogalamu n'kufera pomwepo. Analemba kamzere kamodzi kongonena kuti "Moni". Fayilo inatuluka ya ma megabyte makumi angapo, chifukwa Lisp yense, ndi compiler yemwe, analowa momwemo. Wokhuthula sasankha, amangokokolola zonse zimene wapeza.

Mkuluyu anaitana mayi a kunyumba kuti adzaone kukula kwa ntchito ya manja ake. Mayiwo anayang'ana, nafunsa: "Ndiye chimachita chiyani, bambo?" Anadina. Chinati "Moni". Mayi anayankha kuti "Zikomo", n'kubwerera kukhitchini kukaona ndiwo.

Mkuluyu sanagwe ulesi. Anaganiza zotumizira alamu ake, amene amadziwa kuyamikira zinthu. Fayilo inakwera pang'onopang'ono, bandulo inathera panjira, ndipo moniwo anakaupereka pakamwa Lamlungu potuluka m'tchalitchi.