Ana ndi Chuma cha Mawa, Koma Msonkho Ngwalero

Chaka cha ndalama za boma chikamayandikira kumapeto, pakuti masiku ano chimatha pa 31 Malichi, ndipo makhonsolo a mizinda yathu ali kalikiliki kukonza bajeti, ine kapolo wanu, amene kwathu mayi a ana sandisungitsa ngakhale ndalama ya makala, ndimadzozedwa mwadzidzidzi kukhala katswiri wa za chuma. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linati mphamvu zipite ku anthu, ndipo ine ndinamva kuti anthuwo ndine. Zaka zija za 2005 mpaka 2014, pamene dziko linakhala lopanda makhansala, ndinavutika koposa, popeza ndinasowa womukalipira, ndipo luntha langa lonse linkathera pa nkhuku za aneba.

Tsono atalengeza kuti nzika zibwere kudzamva bajeti ya mzinda, ndinasita jekete ya paukwati ndi kukakhala mpando wakutsogolo, kufupi ndi kreti ya Fanta. Mkulu wa za chuma anawerenga mwaulemu malipiro a osesa m'misewu, alonda, odulitsa ziphaso mumsika ndi ozimitsa moto, nawerenganso mafuta a galimoto zonyamula zinyalala, zimene kwathu kuno timangozimvera mbiri. Ndipo pamene theka la holo linali litayamba kuwodzera, anafika pa ana, nawamaliza asanapume mpweya kawiri.

Pamenepo mzimu unandigwira. Ndinaimirira ndi kunena za mayi wina wa m'dera lathu amene amalera ana pa sukulu ya mkombaphala m'chisakasa cha tchalitchi, amene amalawirira kusonkha moto, kutakasa phala ndi mthiko wotalika, kupukuta mamina a ana a eni ndi nsonga ya chitenje chake, ndipo mwezi ukatha amalandira zikomo, pakuti olera ana otere ambiri m'dziko muno ngongodzipereka, ndipo mphotho yawo tinaitumiza kale kumwamba. Ndinanena za sikelo ya ana yopachikidwa pa nthambi ya mango, ndiponso za bwalo lamasewera limene katungwe wake anabedwa maunyolo kalekale, moti pa chitsulo chotsalacho amangirirapo mbuzi. M'mera mpoyamba, ndinatero, mawu akunjenjemera. Amayi akumbuyo analulutira, ndipo ine ndinadziona kale ndili pa chikwangwani cha chisankho.

Bwanayo, munthu wofatsa ndi wa imvi zaulemu, anandithokoza. Anafotokoza kuti chuma cha khonsolo sichigwa ngati mana, koma chichokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mumsika, malaisensi a bizinesi ndi gawo lochokera ku boma. Kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dizilo ndi simenti zakhala zikudya zimene akadadya ana. Ndi kuti mayi wa phala uja angathe kulembedwa ntchito mawa lomwe, eni nyumba akangovomera kuti msonkho ukwere ndi kubweza ngongole zawo zakale. "Mwamwayi, bambo," anatero akutsegula chikwatu, "mndandanda wa angongolewo ndabwera nawo."

Indetu, walira mvula walira matope. Kanyumba kanga ka malata kali pa mndandanda umenewo, ndipo dzina langa likuyamba ndi chilembo chimene sichichedwa kufikidwa. Nthawi yomweyo maso anga anatseguka, ndipo ndinakumbukira kuti ife tinakula tikumenya mpira wachikulunga pafumbi osafa, kuti katungwe amathyola ana mikono, ndi kuti ndalama ikhoza kuipitsa mtima wabwino wa mayi wodzipereka uja.

Choncho ndinapempha, modzichepetsa ngati wamsonkho m'kachisi, kuti chikwatucho chiyambe chatsekedwa, ndi kuti nkhani yolemera chotere ipite ku komiti yapadera, ikaunikidwe mosathamanga. Ndinadziperekanso kukhala membala wake, nditafunsa monong'ona kwa mlembi ngati komitiyo ili ndi alawansi.