Malangizo kwa Ofuna Kusunga Mapepala Ovotera Kunyumba

Abale anga okonda kusunga zinthu, ngati mwatopa ndi lendi ndiponso mitengo ya ufa, njira yachidule ilipo: pezekani ndi mapepala ovotera popanda chilolezo cha bungwe la MEC. Boma lidzakupatsani pogona ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba, nsima ya nyemba kamodzi patsiku, ndi alonda usana ndi usiku. Malo ogona chowongoka ngochepa ndithu, choncho yambiranitu kuphunzira kugona chokhala. Kumeneko amati shamba, ndipo nyapala adzakusonyezani pokhala.

Musavutike kusindikiza anuanu pa fotokope ya pamsika. Enieniwo pachisankho cha pa 16 September 2025 anasindikizidwa ku Dubai, nkutsikira pa bwalo la ndege la Kamuzu apolisi, asilikali ndi nthumwi za zipani maso ali tcheru. Amabwera m'timabuku ta manambala, ndipo kuvota kukatha oyang'anira amawerenga ogwiritsidwa ntchito, owonongeka ndi otsala, mamonita a zipani nkusayinira. Ndiye mukatenga limodzi, masamu akana kugwirizana, anthu ayamba kuyang'anana. Ubwino wake ndi umenewo: simudzachedwa kupezeka.

Konzeranitu chonena kukhoti. Zoti "ndimafuna kukulungira zitumbuwa" nzokoma, koma woweruza adzafunsa chifukwa chake zitumbuwa zonsezo zili ndi kachizindikiro pa nkhope ya munthu mmodzi. Zoti anakutumani ndi bwana wa chipani, yesani. Foni ya bwanayo tsiku limenelo imakhala yozima, ndipo mneneri wa chipani adzauza atolankhani kuti sanakuonenipo chibadwire, inu muli m'kachitokosi mutavala malaya a nkhope ya bwana yemweyo. Lamulo la zisankho za pulezidenti, aphungu ndi makhansala la 2023 limalola chindapusa ndi ndende. Chindapusacho adzalipira ndi akazi anu, atagulitsa mbuzi.

Inu olota za ku Nyumba ya Malamulo, nayi mphatso yanu: gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limati wopezeka wolakwa pa mlandu wa chisankho sangaime pa uphungu kwa zaka 7. Mpumulo wabwino, wopanda kugula mabokosi a maliro m'dera lonse.

Ena adzakunong'onezani kuti kuno zoterezi zimangopita. Akumbutseni za Tippex wa pa chisankho cha mu 2019. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafika kukhoti atavala zovala zoteteza zipolopolo nkufafaniza chisankho chonse cha pulezidenti, dziko nkukavotanso pa 23 June. Ngati khoti lomwelo linabweza chisankho chathunthu, kajumbo kanu ka pansi pa matiresi sikangalitengere m'mawa wonse.